Musanagule Alfa Romeo Yotchipayo, Tamverani Kaye

Ana anga a kuno ku Chibanja, anyamata ndi atsikana omwe, pali nkhani imene yakhala ikumveka pakati panu masiku ano, makamaka pakati pa inu amene mwangoyamba ntchito, ndi inu amene mwabwera kumene kuchokera ku Joni muli ndi kangachepe m'thumba. Mumaonetsana zithunzi pa foni: galimoto yofiira ya zitseko ziwiri, yogwada pansi, dzina lake Alfa Romeo, Fiat Coupé, pena Maserati imene, ndipo mtengo wake uli pansi pa wa Vitz kapena Sienta. Mukatero mumafunsana kuti, bwanji osangogula yomweyi, anthu akatidziwe ku Katoto? Yankho langa ndi lakuti ayi, musagule ngati ili galimoto yanu yoyamba. Koma ndinu akuluakulu tsopano, sindingakukanizeni chinthu popanda kukuuzani chifukwa chake.

Ndiyambe ndi kunena chilungamo, kuti musati mdalayu akungodana ndi zimene sakuzidziwa. Anthu a ku Italy amadziwa kupanga galimoto. Kampani ya Fiat inayamba mu 1899 ku Turin, ya Alfa mu 1910 ku Milan. Lancia inatenga chikho cha dziko lonse lapansi pa mpikisano wa magalimoto a m'misewu yoipa kwa zaka 6 zotsatizana, kuyambira 1987 mpaka 1992, ndipo Miki Biasion anapambana nayo Safari Rally ku Kenya mu 1988 ndi mu 1989, m'fumbi ndi m'matope ofanana ndi athu. Alfa Romeo 156 inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ku Ulaya mu 1998. Ku South Africa ankazikonda kwambiri moti Alfa Romeo inali ndi fakitale ku Brits mpaka mu 1985, ndipo kumeneko anapanga GTV6 ya injini ya malita 3 imene sinapangidwe kwina kulikonse. Amene anamvapo kulira kwa injini ya V6 ya Alfa, imene anaipanga Giuseppe Busso, saiwala. Choncho mtima wanu ukakopeka, simunapenge. Kungoti Lancia imene inapambana ku Kenya inkatsatidwa ndi chigulu cha amakaniko ndi malole odzaza masipeya. Nanga inuyo, mukamakwera Chiweta usiku, adzakutsatani pambuyo ndani?

Funso loyamba limene munthu wanzeru amadzifunsa akaona chinthu chabwino chikugulitsidwa motchipa ndi lakuti, mwini wake akuchitayiranji? Munthu wa ku London, ku Tokyo kapena ku Johannesburg si wopusa. Ku Britain galimoto iliyonse yopitirira zaka 3 imayezedwa chaka ndi chaka pa mayeso otchedwa MOT, ndipo ikalephera siyenda pamsewu mpaka itakonzedwa. M'nyengo yozizira amathira mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke, ndipo mcherewo umadya chitsulo kuyambira kunsi kwa galimoto, kumene chithunzi cha pa foni sichifika. Magalimoto a ku Italy akale anatchuka ndi dzimbiri. Mu 1980 kampani ya Lancia inachita kugulanso magalimoto ake a Beta kwa eni ake ku Britain chifukwa cha vuto lomweli. Mu mzinda wa London, kuyambira 2019, magalimoto akale otulutsa utsi wambiri amalipiritsidwa ndalama tsiku lililonse akalowa m'dera limene boma la mzindawo linaika, ndipo mu 2023 deralo linakulitsidwa kufikira mzinda wonse. Ku Japan nakonso kuli mayeso awo okwera mtengo a zaka ziwiri zilizonse. Mwini galimoto amakhala pansi, n'kuwerengera, n'kupeza kuti ndalama yokonzetsera yaposa mtengo wa galimotoyo. Amaitsuka bwinobwino, kuipaka polishi, kuijambula dzuwa likuwala, n'kuiika pa intaneti. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimene mukugula pa mtengo wotsikawo ndi ntchito yonse imene mwini wake woyamba anaithawa.

Ndiye mtengo umene mwauona pa foni si umene mudzalipire. Galimoto iyenera kukwera sitima kufika pa doko la Dar es Salaam. Pamenepo pali ndalama za padoko ndi za ejenti woitulutsa. Pali woiyendetsa ndi mafuta ake kudutsa Tanzania yense mpaka pa Kasumulu, n'kuoloka Songwe. Pa boda mukumana ndi a MRA, ndipo msonkho wa galimoto m'dziko muno umakwera malinga ndi zaka za galimotoyo komanso kukula kwa injini yake. Galimoto yothamanga yakale ili ndi zonse ziwiri: ndi yokalamba, injini yake ndi yaikulu. A MRA ali ndi njira yawo yowerengera, sangoyang'ana kalisiti kanu n'kukhulupirira kuti munaitola motchipa. Ikakhala yochokera ku Joni, pafunika zikalata za apolisi zotsimikiza kuti si yobedwa. Kenako pali kulembetsa ku ofesi ya Road Traffic, manambala, COF ndi inshuwalansi. Zonsezi zikamatha, ndalama imene munkati mwapulumutsa yapita, galimoto isanaponde n'komwe msewu wa Chibanja.

Kumbukiraninso kuti galimoto yakunja imadya ndalama yakunja moyo wake wonse. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kufika pa K1,700 kubanki. Sipeya iliyonse yochokera kunja inakwera mtengo tsiku lomwelo, koma malipiro anu sanakwere nawo. Mwini Corolla naye analira, komabe iye akhoza kupeza sipeya yakaunjika yochotsedwa pa Corolla ina yakufa mu Mzuzu momwemuno. Mwini Alfa alibe kolowera. Ayenera kusaka ma rand kapena mapaundi.

Tiyeni titsegule boneti tione pafupi. Ma Alfa Romeo ambiri otchipa amene mumawaona, monga 156, 147 ndi GTV, ali ndi injini yotchedwa Twin Spark. Ili ndi masilinda 4 koma mapulagi 8, awiri pa silinda iliyonse. Pamene mnzanu wa Vitz akugula mapulagi atatu kapena anayi pa shopu iliyonse m'tauni, inu mukusaka 8, ndipo si amtundu wamba. Injini imeneyi imamwa oyilo mwachibadwa chake, moti mwini wake amayenera kusolola kachitsulo koyezera kaja pafupipafupi. Mukaiwala, oyilo n'kutsika, mudzangomva kugogoda m'kati, makaniko n'kukuuzani kuti injini yanoka. Koma choopsa kwambiri ndi lamba wa tayimingi. Lamba ameneyu ndi wa labala, ndipo ndi amene amagwirizanitsa kuyenda kwa mapisitoni ndi kutseguka kwa mavavu. Poyamba kampani inkati asinthidwe pa mamayilosi 72,000, koma malamba atayamba kuduka nthawi isanakwane inatsitsa kufika pa mamayilosi 36,000, pafupifupi makilomita 60,000, kapena zaka 3. Lambayu sachenjeza. Mukhoza kukhala mukuyenda bwinobwino pa msewu wa ku Ekwendeni, nyimbo zikulira, injini n'kungozima phee. M'kanthawi kochepako mapisitoni amenya mavavu n'kuwapinda. Pamenepo mutu wa injini uyenera kutsika, ndipo mwina ndi injini yonse imene yapita. Posintha lambayo pamafunikanso tizitsulo tapadera togwirira makamushafuti kuti asasunthe. Makaniko akangoika zizindikiro za penti monga amachitira pa magalimoto ena, tayimingi imaphonya pang'ono ndipo galimoto imataya mphamvu. Wogulitsa wa kutsidya kwa nyanja akakuuzani kuti lamba anasintha chaka chatha, mudzamufunsa ndani kuti atsimikize?

Amakaniko athu sindikuwanyoza. Ndi anthu aluso, ena a iwo amadzutsa minibasi imene kwina akanaitaya kalekale. Koma luso la makaniko limakula pa zimene manja ake amagwira tsiku ndi tsiku, ndipo mu Mzuzu zimenezo ndi Toyota, Nissan, Honda ndi Mazda. Mukamubweretsera Alfa ya giyabokosi ya Selespeed, imene ndi giyabokosi yamanja koma kilatchi ndi magiya zimayendetsedwa ndi pampu, oyilo ndi kompyuta, sadzakuuzani kuti sanaionepo. Adzati isiyeni, tiona. Adzaphunzirira pa galimoto yanu, ndipo fizi yake mudzalipira ndinu. Kachipangizo kake koyezera matenda a galimoto mwina sikawerenga bwino kompyuta ya ku Italy, ndiye kumangosintha ichi ndi icho mongoyerekeza. Sipeya ikafunika, mutumiza uthenga kwa m'bale wanu ku Johannesburg, mtunda wopitirira makilomita 2,000. Iye ali pa ntchito, apita kukaisaka Loweruka. Aipereka kwa wa thiransipoti, ifike patapita masabata. Mukaitsegula, mupeza kuti ndi ya 156 ya chaka china, mabowo a mabawuti sakugwirizana. Muyambenso.

Zotsatira zake mwaziona nokha m'mipanda ya kuno kwathu, ku Chibavi, ku Chiputula ndi ku Luwinga. Mwezi woyamba galimoto imaima pansi pa mtengo, mwini wake n'kumaitsuka Lamlungu lililonse, akunena kuti sipeya ili m'njira. Mwezi wachitatu batire latha, walichotsa n'kulowetsa m'nyumba. Matayala aphwa, ayamba kung'aluka m'mbali, ndiye aikweza pa njerwa. Mvula ya Mzuzu ikayamba, madzi amalowera m'malabala a mawindo, makapeti n'kuchita nkhungu, makoswe n'kudya mawaya. Udzu umamera kuzungulira, nkhuku zimaikira pansi pake, ana a lendi amaseweretsa chiwongolero. Mwini wake m'mawa uliwonse amaidutsa n'kukakwera sakaramento kupita ku ntchito, ngongole ya galimoto yomweyo ikudulidwabe pa malipiro ake.

Onaninso misewu yathu. Galimoto yothamanga anaipanga yogwada dala kuti igwire msewu pokhota, pa tala wosalala wa ku Ulaya. Kuno mukangochoka pa M1 kulowa m'makwalala a Chibanja, mukumana ndi mitsinje ing'onoing'ono imene mvula yakumba, ndipo mvula ya kuno imapitirira mpaka April, pena kudutsa apo. Pa bampu iliyonse mimba ya galimoto imakhula pansi, ndipo pansi penipenipo ndi pamene pali sampu ya oyilo. Mwala umodzi ukaiboola, oyilo yense amathera mumsewu. Matayala ake ndi opyapyala m'mbali. Dzenje limodzi la ku Chikangawa, lobisika m'chifunga, limang'amba tayala n'kupinda limu nthawi imodzi, ndipo saizi imeneyo simuipeza pa Jenda kapena ku Mzimba boma. Mikono ya kutsogolo ya 156 imadziwika kuti imatha msanga ngakhale pa misewu yabwino, ndiye pa yathuyi mudzakhala mlendo wa tsiku ndi tsiku ku galaja. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo mapaipi a labala akalekale amene sanapangidwire mafuta otere amauma n'kuyamba kudontha. Ndipo inu nonse munagonapo kapena munaona anthu akugona pa mizere ya mafuta zaka zapitazi. Pa malita ochepa amene mwapatsidwa, wa Mira kapena Passo ayenda sabata yonse, pamene wa V6 atha masiku awiri ali pa mzere kachiwiri.

Palinso china chimene achinyamata mumaiwala. Kwathu kuno galimoto si ya munthu mmodzi. Tsiku limene mudzagule, abale onse kuyambira ku Rumphi mpaka ku Nkhata Bay adzamva kuti m'banja mwalowa galimoto. Mlamu wanu akadzayamba kumva kupweteka pakati pa usiku, adzagogoda pa khomo panu kuti muthamangire naye ku Mzuzu Central kapena ku St John's. Mayi woyembekezera mudzamulowetsa bwanji kumpando wakumbuyo wa galimoto ya zitseko ziwiri? Kukagwa maliro kumudzi, azakhali ndi matumba a ufa adzakwera pati? Amayi akakupatsani chimanga ndi nyemba mutakawaona, mudzazisiya chifukwa buti ndi yaing'ono ndipo galimoto ikalemedwa imakhula. Ndiponso zinthu zikadzavuta, ntchito itatha, Sienta kapena Freed mukhoza kuiika pa msewu wa Ekwendeni kapena wa Nkhata Bay n'kumapezako ya ndiwo. Mukafuna kuigulitsa, ogula amapezeka sabata yomweyo. Alfa mudzaiika pa Facebook miyezi ndi miyezi, anthu n'kumangoyamikira kukongola kwake, wopereka ndalama osaoneka.

Za liwiro ndinene mwachidule, pakuti ndi nkhani ya moyo. Munthu amene walandira laisensi chaka chino sanadziwebe mmene galimoto imachitira pa tala wonyowa, kapena mmene mabuleki amatenthera potsika phiri lalitali. Kumupatsa injini ya mphamvu, pamwamba pa mabuleki ndi matayala a zaka zambiri, pa msewu wodzaza njinga, njinga zamoto ndi ana a sukulu, n'kuika pa chiswe moyo wake ndi wa anthu ena. Galimoto yothamanga imakunyengerera kuti uiyese, makamaka anzako akakhala m'katimo. Makhotakhota a ku Chiweta ndi a msewu wotsikira ku Nkhata Bay sayang'ana dzina la galimoto.

Musaganize kuti ndikunena za ku Italy zokha. M'misewu ya Mzuzu ma Alfa ndi owerengeka, koma msampha womwewu umabwera ndi mayina ena: BMW yakale ya manambala a GP, Mercedes-Benz ya ku UK, Audi, Jaguar, Range Rover ya mashoko a mpweya. Ngakhale ya ku Japan ilipo, Mazda RX-8, imene injini yake ilibe mapisitoni ndipo amakaniko oidziwa ndi osowa. Galimoto imene inali yodula ili yatsopano imakhalabe yodula kuisamalira, ngakhale mtengo wogulira utagwa chotani. Sipeya zake sizikalamba mtengo.

Ndiye muchite chiyani? Safunsa anadya phula. Musanatumize ndalama kulikonse, pitani mukaime pa raundabauti ya Katoto kwa kanthawi, muone magalimoto amene akudutsa kwambiri. Amenewo ndi amene mzinda uno ungathe kuwasamalira. Kenako lowani m'mashopu a masipeya m'tauni, mufunse zinthu zitatu za galimoto imene mukuifunayo: mabuleki, fyuluta ya oyilo ndi pampu ya madzi. Akakutulutsirani pa shelefu, pitirizani. Akakuuzani kuti tiitanitsa, dziwani kuti moyo wanu wonse ndi galimotoyo udzakhala wa tiitanitsa. Mukagula ya pompano, tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Pitani m'mawa injini isanalizidwe, pakuti injini yozizira sibisa matenda. Onani utsi, tsegulani potsekera oyilo muone ngati pali zoyera ngati mkaka, gwadani muyang'ane kunsi ngati kuli dzimbiri kapena kudontha. Nambala ya chasisi ifanane ndi ya pa bulubuku, ndipo dzina la pa bulubuku likhale la amene akukugulitsaniyo. Kusintha umwini kachitireni nokha ku Road Traffic, osadalira madobadoba. Ndalama zanu musazithere pa kugula. Siyani gawo loti likhale la matayala, sevisi ndi zogwa mwadzidzidzi. Ngati kuti mugule mukufunika katapila, kapena kubwereka ku banki mkhonde ndalama imene amayi anu adzaibweze, nthawi yanu yogula galimoto sinakwane, ndipo palibe chamanyazi pamenepo.

Alipo amene angagule Alfa yakale ndipo sindingamuletse. Ndi munthu amene ali kale ndi galimoto ina yopitira ku ntchito, ali ndi galaja yofolera, ali ndi ndalama imene itatayika ana sagona ndi njala, ndiponso amakonda kudetsa manja Loweruka. Kwa iye galimotoyo ikaima miyezi itatu kudikira sipeya, ndi gawo la chisangalalo chake. Ngati pakati panu pali mnyamata kapena mtsikana amene chikondi chake pa magalimoto amenewa n'chenicheni, osati cha chithunzi, ayambire kumene kuli phindu: apite ku Mzuzu Technical College kapena akakhale pansi pa makaniko wodziwa, aphunzire injini ndi magetsi a galimoto, aphunzirenso kuwerenga kompyuta za magalimoto a ku Ulaya. Anthu ogula magalimoto otere sadzatha, ndipo onse adzafuna wowakonzera. Ameneyo ndi amene adzadye ndalama za Alfa, pamene anzake Alfa ikuwadya.

Ana anga, anthu amene mukufuna kuti akuoneni ku Katoto adzakuyang'anani tsiku limodzi, mawa aiwala, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene adzakusonkhereni ya lamba wa tayimingi. Galimoto yoyamba ikhale imene imalira m'mawa uliwonse, imene makaniko wa pafupi ndi kwanu amaidziwa, imene inganyamule amayi anu ndi katundu wawo. Muyende nayo zaka zingapo, muphunzire msewu, mugule puloti, mumange. Mukadzafika poti ndalama ya galimoto yachiwiri simukuimva kuwawa, ma Alfa Romeo adzakhala alipobe, ndipo mudzagula mukudziwa chimene mukugula. Pakali pano, ndalama yanuyo isungeni, ndipo mnzanu akakuonetsani chithunzi chija mumuuze zimene mwamva pano.